Banki yafika kumudzi, koma kiyi ali ndi wina

Pamene kampani ya Safaricom inkakhazikitsa M-Pesa ku Kenya mu 2007, mlimi wa kumudzi wofuna banki ankayenera kukwera minibasi kupita kuboma, nakaima pamzere tsiku lonse. Njira yosungira ndi kutumizira ndalama pafoniyo siinachedwe kufalikira. Ku Zimbabwe EcoCash inayamba mu 2011. Ku Malawi Airtel Money inafika mu 2012, ndipo Mpamba ya TNM inatsatira mu 2013. Lero mnyamata wogwira ntchito ku Johannesburg amatumiza ndalama kudzera ku Mukuru m'mawa, amayi ake ku Mangochi n'kugula chimanga dzuwa lisanalowe. Ichi n'chitukuko chenicheni, ndipo wochinyoza sanayendepo ndi ndalama ya fodya m'sokosi.

Komabe kukhala ndi akaunti si kulamulira ndalama. Wopita pamsika uliwonse adzaona agogo akupereka foni kwa ejenti wokhala pansi pa ambulera, n'kumunong'oneza nambala yachinsinsi kuti awatapire. Ena amatuma mdzukulu. Ndalamayo ndi ya agogo, koma kiyi ali m'manja mwa wina. Sikuti agogowo ndi opusa: zilembo n'zazing'ono, nthawi yoyankhira pafoni imatha msanga, ndipo malamulo a ngongole ndi mitengo ya kutapa kawirikawiri amalembedwa m'Chingerezi chokhwima. Chomvetsa chisoni n'chakuti akuba ndiwo anaphunzira msanga kulankhula ndi anthuwa. Uthenga wachinyengo uja wouza munthu kuti ndalama ija atumize pa nambala ina umafika m'Chichewa chomveka bwino, ngati walembedwa ndi mbale.

Palinso mtengo wake. Wolemera amatapa kamodzi ndalama yambiri. Wosauka amatapa pang'onopang'ono, ndipo nthawi iliyonse amadulidwa. Boma likaikapo msonkho, monga wa 2 peresenti umene Zimbabwe inakhazikitsa mu 2018 pa ndalama zotumizidwa pamakina, wogulitsa tomato amaumva kuwawa kuposa mwini golosale. Netiweki ikavuta, kapena ejenti akanena kuti alibe ndalama zokwanira, munthu amabwerera chimanjamanja ngakhale foni ikuonetsa kuti ali nazo. N'chifukwa chake amayi ambiri sanasiye banki mkhonde, kumene ndalama imawerengedwa onse akuona. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Choncho mabanki aakulu a maiko athu asakhutire ndi kuchuluka kwa maakaunti otsegulidwa. Afunse kuti ndi angati amene amatha kutapa okha popanda kuulula nambala yachinsinsi. Alamule kuti mtengo uzionekera munthu asanavomere kutumiza, kuti uthenga uliwonse uzibwera m'chilankhulo chimene mwini foni wasankha, ndiponso kuti wobedwa azikhala ndi pokadandaula pafupi. Kufikira tsiku limenelo, agogo aja adzapitirizabe kusunga chuma chawo m'nyumba imene satha kutsegula okha.