Tikawakumbukire Pakhomo Pawo

Mlungu watha tinaika m'manda bambo wina wa m'mudzi mwathu. Powerenga mbiri yawo anatchula za sukulu ndi ntchito, koma pobwerera kumanda anthu ankakamba zina. Akazi awo anati pa zaka zonse za ukwati, malemuwa sankadya ana asanadye. Mnzawo wa paubwana anakumbukira mmene anamudwazikira kuchipatala milungu itatu, akugona pakhonde, n'kumamuphikira phala m'mawa uliwonse.

Tonse tinavomera kuti tataya munthu. Nanga masamba a pamsewu akachotsedwa, tidzawakumbukira bwanji?

Kawirikawiri achibale amene analira mokweza ndi omwe amayamba kuwerenga malata ndi mbuzi. Kuno ku Malawi lamulo la chuma cha masiye la 2011 limati kulanda katundu wa mayi wamasiye ndi ana ndi mlandu. Komabe lamulo silingalipire fizi, silingafolere denga. Zimenezo n'zathu.

Bambo amene anakonda banja lake timamulemekeza posamala banjalo. Mwezi wamawa, opepesa onse atabalalika, tiyeni tikaodire pakhomopo n'kufunsa ngati ufa ulipo.