Msika wa wogula mmodzi, mabwana chigulu

Mayunitsi amene timagula pa foni aja sagula magetsi okha. M'kati mwa kwacha iliyonse muli gawo la makina ozunguzidwa ndi madzi a Shire ku Nkula, gawo la mawaya ndi matransifoma, misonkho ya boma, ya MERA ndi ya MAREP. Kenako muli gawo lina limene sitimva likutchulidwa: malipiro a maofesi oyendetsa chimene akuluakulu amati "msika wa magetsi". Gawo limeneli takhala tikulipira osaliona, ndipo ine ndikuti nthawi yakwana yoti litulutsidwe poyera.

Tiyambe ndi m'mene zinayendera. Dziko la America, kudzera ku Millennium Challenge Corporation, linatipatsa madola 350.7 miliyoni ogwiritsa ntchito kuyambira 2013 mpaka 2018. Ndalamazo zinakonza Nkula A, zinamanganso mawaya a 400kV ochokera ku Phombeya kukafika ku Nkhoma. Pamenepo palibe wodandaula. Koma thandizolo linabwera ndi uphungu wake: ESCOM igawidwe kuti pakhale mpikisano. Lamulo la magetsi linasinthidwa mu 2016, ndipo pa 1 Januwale 2017 EGENCO inayamba ntchito yopanga magetsi payokha. Kenako kunabadwa kampani yachitatu, Power Market Limited, imene MERA inaipatsa chiphaso mu 2020 kuti ikhale wogula mmodzi: izigula magetsi kwa opanga onse n'kumawapereka kwa ESCOM. Kumapeto kwa 2022 boma lomwelo linaithetsa, ntchito n'kubwerera komwe inachokera.

Tsono taganizani. Kampani ya boma ikabadwa imabadwa ndi bodi yake, mkulu wake, madairekitala, maloya, owerengera ndalama, lendi ya ofesi, galimoto ndi maalawansi a misonkhano ya kunyanja. Power Market Limited inalibe damu, inalibe ngakhale mtengo umodzi wa waya. Katundu wake anali mapepala. Zaka zimene inakhalapo, ndani ankaidyetsa? Kaya ndalamazo zinkadzera mu mtengo wa magetsi kaya ku thumba la boma, mwini thumba ndi yemweyo: mayi wa saluni pa Chileka, mnyamata wowotcherera mageti pa Lirangwe, ndi agogo amene amalipira pa chigayo ngakhale m'nyumba mwawo mulibe babu. Itathetsedwa, tinayenera kuuzidwa momveka, m'chiyankhulo chathu, kuti yadya zingati ndipo yatigulira chiyani. Kampani ya anthu siyenera kufa ngati nkhuku ya chitopa, yongokwiriridwa kuseri kwa nyumba.

EGENCO ndi ESCOM nazo zatha zaka zikulozana zala pa nkhani ya ngongole ya mabiliyoni. Wina akuti sunandilipire, mnzake akuti ukundilipiritsa magetsi amene sunandipatse. Onsewa mwini wake ndi mmodzi, boma la Malawi. Dzanja lamanja likulembera lamanzere kalata ya ngongole, pakati pake pakudya maloya ndi akatswiri obwereka. Akuluakulu anati mbewa zikachuluka siziika masa. Magetsi akazima lero, ofesi iliyonse ili ndi mnzake woti imuloze.

Vuto lenileni ndi masamu, ndipo si ovuta. Ku America kuli bungwe lotchedwa PJM, loyendetsa mawaya ndi msika wa magetsi m'zigawo 13 kuphatikizapo mzinda wa Washington. Limatumikira anthu oposa 65 miliyoni, mamegawati ake ndi oposa 150,000, ndipo ogula ndi ogulitsa alipo mazanamazana. Ofesi yotere, ngakhale idye ndalama zambiri, ikazigawa pa mayunitsi onsewo munthu mmodzi amapereka kakang'ono. Komabe ngakhale kumeneko anthu amafunsa ngati mtengo wa ofesiyo ukubwezedwa ndi phindu la mpikisano. Nanga ife? Magetsi athu onse, a madzi, a dzuwa ndi a dizilo, safika mamegawati 1,000. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mabanja pafupifupi 11 okha pa 100 alionse ndiwo amaunikira ndi magetsi, kumudzi osafika n'komwe 5. Tatenga chipewa cha chimphona n'kuveka mwana wa mkaka, kenako tikudabwa kuti sakuona njira.

Aliyense wa kuno amadziwa tanthauzo la msika. Pa Lirangwe tsiku la msika, wa tomato akakweza mtengo umangosuntha mapazi awiri n'kugula kwa mnzake. Wa khonsolo wodula matiketi ndi mmodzi kapena awiri, ogulitsa ndi khamu. Tsono yerekezani msika wa ogulitsa owerengeka pa zala, wogula mmodzi yekha, mitengo yolembedwa kale pa mapangano a zaka 20, koma odula matiketi odzaza minibasi. Umenewo mungautche msika? Magetsi a dzuwa a ku Salima, mamegawati 60 aja a 2021, ndi a ku Golomoti, mamegawati 20 a 2022, ndi abwino ndithu. Koma amagulidwa pa mtengo wa pangano, osati wa mpikisano wa tsiku ndi tsiku. Kusainira mapangano ochepa chonchi sikufuna kampani yathunthu, dipatimenti imodzi yoyang'aniridwa bwino ndi MERA ikwanira.

Wina anena kuti mnyamatayu akudana ndi chitukuko. Ayi ndithu. Pali ntchito imene ndingailipire mosanyinyirika. Magetsi sasungidwa m'nkhokwe ngati chimanga: opangidwa ayenera kulingana ndi ogwiritsidwa ntchito mphindi iliyonse, apo ayi dziko lonse lizima. Mainjiniya a m'chipinda choyang'anira mawaya ku Chichiri, amene amachezera usiku kulinganiza zimenezi, apatsidwe makompyuta abwino ndi malipiro abwino. Chimene ndikukana ndi kuunjika mipando pamwamba pawo. Namondwe Ana atagumula damu la Kapichira mu Januwale 2022, tinataya mamegawati pafupifupi 130 kwa chaka ndi miyezi. Nthawi imeneyo makampani anali atatu, mabodi atatu. Palibe bodi imene inayatsa babu. Zigayo zinkagaya pakati pa usiku, azimayi akugona pa matumba kudikira magetsi.

Msika weniweni ulipo, koma uli kunja kwa malire. Southern African Power Pool inakhazikitsidwa mu 1995, ofesi yake ili ku Harare, ndipo kumeneko makampani a maiko a SADC amagulitsana magetsi a mawa lero. Malawi wakhala membala wa dzina kwa zaka zambiri chifukwa chosowa waya wolumikiza. Malemu Bingu wa Mutharika anakana pangano loyamba ndi Mozambique ponena kuti malipiro ake ngolemetsa. Pano tili ndi pulojekiti ya mawaya a 400kV, makilomita 218 kuchokera ku Matambo m'chigawo cha Tete kufika ku Phombeya ku Balaka, yoyambira pa mamegawati 50. Ine ndikuifuna, chifukwa kudalira mtsinje umodzi n'kuika mazira onse m'lichero lobooka. Koma walira mvula walira matope. Magetsi akunja amafuna ndalama zakunja, waya uli ndi ngongole yake, msikawo uli ndi zolipira zake. Kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, patangopita miyezi iwiri MERA italoleza kuti mtengo wa magetsi ukwere ndi 50.8 peresenti m'zaka zinayi. Kwacha ikatereranso, bilu ya ku Tete idzafika pa chigayo cha kwa Kuntaja isanafike pa tebulo la nduna.

Zopempha zanga ndi zitatu, ndipo sizifuna thandizo la azungu. Choyamba, MERA izisindikiza chaka ndi chaka, m'Chichewa, kuti pa yunitsi imodzi makwacha angati apita kopanga magetsi, angati ku mawaya, angati ku maofesi oyendetsa msika, angati kunja. Chachiwiri, aphungu a Nyumba ya Malamulo aitanitse buku lonse la ndalama za Power Market Limited, kuyambira tsiku lobadwa mpaka la maliro, liwerengedwe poyera. Chachitatu, aliyense wobwera ndi ganizo la kampani ina yatsopano ya magetsi ayambe watiuza mtengo wake pa yunitsi ndi chimene idzatsitse, asanagule galimoto ya bwana.

MERA ikamachititsa misonkhano yomva maganizo a anthu pa mitengo, ife a m'mphepete mwa tauni timangomva pa wailesi zitatha. Ulendo uno tipiteko, abale anga, ndi risiti ya mayunitsi m'manja. Wogula chimanga pa msika amaloledwa kuona ndowa yoyezera. Nafenso atiwonetse ndowa.