Chipere chosamva mankhwala si uve ayi

Aphunzitsi anzanga ndi inu nonse amene munadutsa m'manja mwathu, lero tiyeni tikambeko za chipere. Kuno ku Rumphi mwana akatuluka chipere m'mutu timathamangira kumumeta mpala ndi kumukalipira kuti sasamba. Ine ndikuti tisiye khalidwe limeneli.

Chipere chimayamba ndi tizilombo ta fangasi, abale ake a chuku chija cha pa nsima yogona. Cha m'mutu chimafuna mankhwala akumwa monga griseofulvin kwa masabata angapo, osati odzola okha. Ana ambiri amachira bwinobwino.

Koma alipo ana ochepa amene fangasi sawasiya. Chipere chimangobwerera, zoyera za m'kamwa sizitha, zikhadabo zimaonongeka. Kwathu kuno choyamba n'kuyezetsa HIV, kenako kuona za shuga ndi kunyentchera. Nanga zonsezi zikakhala bwino?

Mu 2009 madokotala anafufuza banja lina la ku Iran lomwe linkavutika chonchi, ndipo anapeza kuti kachidutswa ka chibadwa kotchedwa CARD9, kamene kamathandiza asilikali a m'thupi kulimbana ndi fangasi, kanali kolakwika. Mu 2013 vuto lomweli linapezeka mwa anthu 17 a ku Algeria, Tunisia ndi Morocco. Kwa iwowa chipere sichinathere pakhungu, chinalowa m'kati mwa thupi, ena mpaka m'mafupa ndi mu ubongo. Mwana amadwala akatengera cholakwikacho kwa bambo ndi mayi omwe, pomwe makolowo ali athanzi. Choncho palibe wolodza, palibenso mtundu woti tiuloze chala.

Sindikunena kuti mwana aliyense wa zigamba m'mutu ali ndi vuto lotengera, ayi, n'losowa kwambiri. Mfundo yanga ndi yoti ife aphunzitsi timakhala ndi ana amenewa masiku asanu pa sabata, makamaka ogonera pasukulu. Mwana akamwa mankhwala mpaka kumaliza koma osachira, akamadwala chifuwa kapena mutu kawirikawiri, kapena ngati abale ake anadwalanso chimodzimodzi, tiyitane makolo. Abwerere naye ku chipatala cha Boma atanyamula buku lake la kuchipatala, afotokoze mbiri yonse ya banja, kuti ngati n'koyenera amutumize ku Mzuzu Central.

Mwana wochititsidwa manyazi amavala chipewa n'kubisa matenda. Tisakhale ife oyambitsa kubisako.