Amene sagoletsa ndiye anatsegulira Japan njira

Pa 2 September 2024, timu ya Japan inagonjetsa United States ndi zigoli 48 kwa 41 ku Paris, n'kutenga mendulo yake yoyamba ya golide pa rugby ya pa chikuku m'masewera a Paralympics. Ambiri anatamanda Katsuya Hashimoto ndi Daisuke Ikezaki, akatswiri ogoletsa. N'zoona, anagwira ntchito. Koma ine maso anga ali pa Kae Kurahashi, mayi amene mpira saugwira kawirikawiri.

Kurahashi anavulala msana cha m'khosi ali ku yunivesite, pochita masewera odumpha pa trampoline. Manja ake anatsala ndi mphamvu zochepa kwambiri, choncho anamuika m'gulu la 0.5, lotsikitsitsa pa onse. Pa masewerawa aliyense amapatsidwa mapointi molingana ndi mmene thupi lake limagwirira ntchito, kuyambira 0.5 mpaka 3.5, ndipo osewera anayi a m'bwalo asapitirire 8.0 akaphatikizidwa. Ku Paris, timu ikalowetsa mkazi inkawonjezeredwa 0.5.

Tiwerengetse bwino. Kurahashi akalowa, anzake atatu akhoza kukwanitsa 8.0 paokha. Chikuku chake chili ndi chitsulo chotulukira kutsogolo chokolera cha mdani. Akamukola katswiri wa 3.5 n'kumupanikiza pakona, timu inayo imatsala ndi 4.5 yokha yolimbana ndi 8.0. Masekondi atatu okha otere amakwana kuti Ikezaki adutse mzere wogoletsera ali ndi mpira. Owonera amaombera m'manja wogoletsa, osadziwa kuti chigolicho chapangidwira kumbali, kutali ndi mpira.

N'chifukwa chake ndimatsutsa amene amati masewerawa ndi kugundana basi. Phokoso la zitsulo lilipodi, ndipo atayamba ku Winnipeg m'dziko la Canada mu 1977 ankatchedwa murderball. Koma pa mlingo wapamwamba pafupifupi aliyense amene ali ndi mpira amagoletsa. Kupambana kumabwera ukamulanda mnzako mpira kawiri kapena katatu, kapena ukamutchinga mpaka masekondi 12 owolokera pakati pa bwalo amuthere. Ntchito imeneyi imafuna munthu wodziwa kumene mdani alowere asanatembenuze n'komwe chikuku. Wopanda liwiro alibe mwayi wokonza akaphonya. Ayenera kufika pamalopo msanga.

Japan inadikira nthawi yaitali. Inatenga mendulo ya buronzi ku Rio mu 2016, inakhala akatswiri a dziko lonse ku Sydney mu 2018 itapambana Australia 62 kwa 61, kenako buronzi winanso kwawo ku Tokyo, Kurahashi ali mkazi yekhayo m'timu. Ku Paris, m'ndime ya semifainolo, inadutsa Australia ndi chigoli chimodzi chokha, 52 kwa 51, m'nthawi yowonjezera. Pa masewera otere, mukadzawaoneranso, musatsate mpira. Yang'anani chikuku chimene chakola chinzake.