Tatopa nako kuseka nthabwala za abwana

Ife osesa m'maofesi, ophika m'nyumba za eni, othyola tiyi ku Thyolo ndi ku Mulanje, tili ndi ntchito ina yomwe sitinauzidwe tsiku lotilemba: kuseka nthabwala za abwana. Mayi wa zidzukulu akuitanidwabe kuti "mtsikana wantchito," bambo waimvi akadali "boyi." Ukapempha kuti akuwonjezere kangachepe, amayamba n'kuseka: "Iwe si uli ndi mwamuna? Izi n'za sopo chabe." Ukakhala wosakwatiwa ndiye walaponda: "Nkhope yonseyi ukuvutikiranji ndi tsache?" Kodi kuchigayo amatitsitsira mtengo poti ndife akazi? Nanga eni nyumba, lendi amatichotserako?

Nthabwala zimenezi zimatilowa mpaka m'thumba. Ntchito ikangotchedwa yachikazi, aliyense amaiona ngati yongothandiza, yosayenera malipiro enieni. Mu 2024 boma litakweza malipiro otsikitsitsa kufika pa K90,000 pamwezi, a antchito apakhomo anaima pa K52,000, ndipo mukudziwa nokha kuti m'makomo ambiri ngakhale imeneyo sikwana. Bambo wochapa ndi kuphika naye sapulumuka. Anzake amamufunsa ngati adona amugulira kale chitenje.

Ndiye tapeza njira zathu zopulumukira, zina zomvetsa chisoni ndithu. Wina amavala mphete yogula pakaunjika kuti aoneke wapabanja. Wina anadzipangira mwamuna msilikali, waukali kwabasi, amene akubwera mawa chaka chonse. Enafe abwana akangolowa m'khitchini timatsegula mpopi mwamphamvu kuti tisamve, ndipo bambo wophika uja kwawo amati ndi mlonda. Palinso kaseko kathu kaja kongoonetsa mano pang'ono, kokwanira kusunga ntchito, kenaka n'kukatulutsira mkwiyo pa mphika pokwecha.

Chowawa n'chakuti malamulo alipo. Lamulo la ntchito la mu 2000 limati ntchito yofanana ilipidwe mofanana, posayang'ana kuti ndi mwamuna kapena mkazi. Lamulo loona za kusasiyana pakati pa amuna ndi akazi la mu 2013 limaletsa kuzunza munthu ndi mawu kapena machitidwe okhudza zogonana, ndipo chilango chake ndi K1,000,000 komanso zaka 5 kundende. Koma ndani angakasume m'mawa, madzulo n'kukagona kuseri kwa nyumba ya womusumirayo?

Mabwana ndi madona, maina tili nawo, tiitaneni ndi maina athu. Tikabwera kudzakamba za malipiro, tikambirane za malipiro. Inunso anzathu ogwira nafe ntchito, abwana akayamba zimenezi musamawathandize kuseka.