Tizipatso ta Rozi Wakutchire

Tiyeni tifike ku Britain. Kumeneko maluwa a rozi wakutchire akayoyoka, pamatsala tizipatso tofiira timene timapsa cha mu Seputembala ndi Okutobala. Malalanje atasowa pa nkhondo yachiwiri yapadziko lonse, boma linapempha anthu mu 1941 kuti azithyola tizipatsoti m'mbali mwa minda ndi misewu. Ana asukulu anachilimika kwambiri. Tizipatsoti tinkaphikidwa n'kukhala manyuchi odzaza ndi vitamini C, omwetsa ana.

Lero ena amapangirabe jamu ndi tiyi, koma si ntchito ya munthu wopupuluma. M'kati mwa tizipatsoti muli ubweya woyabwa ngati chitedze, ndiye akaphika amasefa madziwo kawiri pansalu yothina asanathire shuga. Anzathu a ku Sweden amaphikira supu yotsekemera.