Madokotala ali pa ulova, odwala ali pa mzere

Mayi wapakati zikamuvuta usiku ku Usisya, abale ake amayamba kuwerenga njira. Msewu wokwera phiri kulowera ku Mzuzu ndi wokumbikakumbika, ndipo mvula ikagwa ngakhale galimoto yamphamvu imagonja. Yotsala ndi nyanja: boti la injini, mafuta osonkherana pakati pa usiku, ndi pemphero loti mwera usawombe. Mzamba wa pachipatala chaching'ono amakhala atachita mbali yake yonse. Chimene chikufunika ndi mpeni, magazi ndi munthu wodziwa kuchita opaleshoni, ndipo zonsezi zili kutali, ku boma ku Nkhata Bay kapena ku Mzuzu.

Usiku womwewo ku Lilongwe kapena ku Blantyre kuli mnyamata, kapena mtsikana, amene anamaliza maphunziro a udokotala. Ali ndi envulopu ya khaki yodzaza mapepala ofotokopa, m'mbali mwake mwayamba kunyenyeka chifukwa choyendayenda nayo m'maofesi. Akudya za maganyu ausiku m'zipatala zolipira, amene iwo amati lokamu, ndipo foni ikalira amathamangira kuona ngati ndi mndandanda wa oitanidwa kukafunsidwa mafunso a ntchito. Anthu akunyanja ali nawo mawu a zinthu zotere: kufa ndi ludzu mwendo uli m'madzi.

Ife tikuti vutoli talipanga tokha, ndipo si la dzulo.

Kale dandaulo lathu linali loti tilibe madokotala. Sukulu ya College of Medicine inatsegulidwa ku Blantyre mu 1991 chifukwa ana amene tinkawatumiza kukaphunzira kunja ambiri sankabwerera. Nthabwala ija yoti ku Manchester kuli madokotala a Chimalawi ambiri kuposa ku Malawi konkuno inali yokokomeza, koma inkaluma chifukwa inali pafupi ndi choonadi. Kuyambira 2004 mpaka 2010 boma ndi abwenzi akunja anachita ndondomeko yapadera yoonjezera ogwira ntchito zaumoyo. Malipiro anakwezedwa ndi 52 peresenti, sukulu zinayamba kutenga ophunzira ochuluka, ndipo zipatso zinaoneka. Mu 2021 College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing zinaphatikizana n'kukhala Kamuzu University of Health Sciences. Mbali yophunzitsa tinaigwira bwino. Tinaiwala kufunsa kuti anawa akamaliza adzawalipira ndani.

Yankho linabwera mochititsa manyazi mu 2015, pomwe madokotala 51 atsopano anamva kuti boma lilibe ndalama zowalembera ntchito. Apo n'kuti abwenzi akunja ataleka kuthira ndalama mu bajeti yathu chifukwa cha kubedwa kwa ndalama za boma kwa mu 2013, kuja kwa Cashgate. Amene anaba ndi ena, amene analipira ndi dokotala wachinyamata ndi wodwala wa kumudzi. Nthawi yomweyo tinayamba kumva za anamwino ndi madokotala athu olowera ku Lesotho, kadziko kakang'ono kuposa kathu.

Owerenga ena angadabwe kuti munthu wa digiri ya udokotala amasowa bwanji ntchito m'dziko losowa madokotala. Nkhani yake ili motere. Akamaliza zaka zisanu za maphunziro, zisanu ndi chimodzi kwa amene anayamba ndi chaka chokonzekera, sangangotsegula chipatala chake. Ayenera kugwira kaye miyezi 18 pansi pa madokotala akuluakulu m'zipatala zazikulu monga Queen Elizabeth, Kamuzu Central kapena Mzuzu Central, kenako Medical Council of Malawi imuvomereze mokwanira. Khomo loyambali lili m'manja mwa boma. Akatuluka pamenepo amapezanso kuti wolemba ntchito wamkulu ndi boma lomwelo, pakuti ngakhale zipatala za mishoni za pansi pa CHAM malipiro a antchito ake ambiri amachokera ku thumba la boma. Mpata wa ntchito ukhoza kukhalapo papepala zaka zambiri, koma ngati a zachuma sanauikire ndalama, mpandowo umangotuwa fumbi. Ndipo a zachuma nawo ali ndi chingwe m'khosi: ngongole, komanso malonjezo kwa obwereketsa monga IMF oti ndalama zolipira antchito a boma zisakwere mopitirira.

Kwa zaka zingapo mabungwe ndi ntchito za kafukufuku ndi zomwe zinkabisa bala limeneli. Dokotala wosowa malo m'boma ankalowa m'mapulojekiti a Edzi, TB kapena malungo. Kuyambira Januwale 2025, pomwe dziko la America linaimitsa thandizo lake lambiri lakunja, khomo limenelonso lachepa. Onjezeraniponso kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mudzamvetsa chifukwa chake wolembedwa kale naye maso ali kumalire.

Pali chinthu chimodzi chimatipweteka kwambiri. Ndalama zolembera anthu zimapezeka msanga maliro akachuluka. Mu 2020 Covid-19 itafika, boma linalengeza zolemba ogwira ntchito zaumoyo 2,000. Kolera ya mu 2022 ndi 2023, imene inavuta kwambiri m'madoko a Nkhata Bay ndipo m'dziko lonse inapha anthu oposa 1,700, inabweretsanso ntchito zapangano za miyezi yowerengeka. Mliri ukatha mahema amapasulidwa, anthu aja n'kubwerera ku maenvulopu awo. Kodi malungo a ana ku Kande, kapena ngozi za pamsewu wa M5 pa Mpamba, si mliri chifukwa choti sizifika pa wailesi?

Anthu a m'mbali mwa nyanja ya Nkhata Bay nkhani ya kuphunzitsa mwana ena n'kukamudyerera saimva kwa wina. Robert Laws, amene anali dokotala, anasamutsira mishoni ya Livingstonia ku Bandawe mu 1881, ndipo sukulu za kumeneko zinatulutsa makalaliki ndi akapitawo amene anakadzaza migodi ya ku Rhodesia ndi ku Joni. Clements Kadalie wa ku Chifira anakayambitsa bungwe la apantchito la ICU ku Cape Town mu 1919. Mawu oti machona pafupifupi banja lililonse kuno likuwadziwa. Chachilendo lero n'chakuti mtchona wavala jasi loyera, ndipo sukulu yake mbali yaikulu talipira ndi misonkho ya mayi wogulitsa usipa ndi kondowole.

Sitikunyoza makiliniko ofesa. Iwo ndi amene anyamula zipatala za m'maboma zaka zonsezi, ndipo maopaleshoni ambiri a amayi m'dziko muno amachita ndi iwowo. Kumudzi aliyense wovala zoyera ndi adokotala, ndipo ulemu umenewo anaugwirira ntchito. Koma nawonso amafuna wina womufunsa zinthu zikafika povuta, ndipo ambiri a iwo ali pa mzere womwewo wa ulova pamodzi ndi anamwino.

Madokotala achinyamata nawo tiwauze zoona. Alipo ena amene akamva dzina la Chintheche amaona ngati chilango, amafuna tauni basi, komwe kuli lokamu ndi aphunzitsi owakankhira ku maphunziro apamwamba. Sitiwaweruza kwambiri, pakuti munthu sungamutumize kumene kulibe nyumba, magetsi ndi ozimazima, ndipo akuluakulu a kulikulu amamuiwala akangokwera basi. Komabe amene anaphunzira ndi ndalama za anthu ali ndi ngongole kwa anthuwo.

Tsono pempho lathu ku Unduna wa Zaumoyo, a zachuma ndi khonsolo ya Nkhata Bay ndi ili. Chiwerengero cha omaliza maphunziro chimadziwika zaka zisanu zisanakwane, choncho ndalama zowalembera zizilowa mu bajeti ya chaka chomwe akumaliza, tsiku loyamba ntchito lizilengezedwa poyera. Mu 2001 ku Abuja maiko a mu Africa analonjeza kupereka 15 peresenti ya bajeti ku zaumoyo, ndipo ife zaka zambiri takhala tikuperewera. Aphungu a m'chigawo cha kunyanja afunse za nambala imeneyi m'Nyumba ya Malamulo asanayambe kutiwerengera mabokosi amaliro amene agulira anthu awo. Zipatala za pakati monga cha Chintheche zikhale ndi mipando ya madokotala yokhala ndi ndalama zake, nyumba yoti munthu n'kugonamo, ndi chipinda cha opaleshoni chogwira ntchito usana ndi usiku. Ndipo dokotala amene wagwira zaka ziwiri kapena zitatu kunyanja akhale patsogolo pa mndandanda wa opita kukaphunzira ukatswiri, zilembedwe m'kalata yake ya ntchito, osati zongolonjezana pakamwa. Kwa Usisya, poyambira ndi boti la ambulansi lokhala ndi mafuta ake, ndi dokotala wofikako pa tsiku lodziwika mwezi uliwonse.